Munda wa Mboni wa Abiti Jafali

Ntchito ya malipiro ndinaiyamba ndili kale ndi zidzukulu. Moyo wanga wonse ndinali munthu wa khasu, chimanga ndi fodya, kwathu ku Ngauma, chakumunsi kwa msewu wopita ku Mandimba. Cholembera sindichidziwa, apa ine ndikungoyankhula, akulemba ndi mpongozi wanga.

Zinayambira pa chigayo. Tili pamzere ndi matumba athu, panaima galimoto yoyera, n'kutsikamo mtsikana wochepa thupi atavala jombo zamphira. Anatipatsa moni m'Chinyanja chothyokathyoka, pakati n'kugwera m'Chimakua, amayi onse n'kufa nalo phwete. Ine Chimakua ndimachimva, poti malemu amuna anga anagwirapo ntchito ya njanji ku Cuamba, ndipo Chiyao ndinakula nacho. Ndiye ndinamuthandiza kumasulira. Anati dzina lake ndi Dotora Selina, amaphunzitsa ku sukulu yaikulu ya zaulimi, ndipo akufufuza za mbozi zimene zinkatimalizira chimanga.

"Agogo, kodi mumayankhula zilankhulo zingati?" anandifunsa.

"Zokwana kukanganira pamsika, mwanangu."

Anaseka mpaka kugwira bondo. Sabata isanathe ndinali pa ntchito.

Anandipatsa lupa, kagalasi kokulitsira zinthu, pinsa yotolera mbozi, ndi timabotolo ta alikolo, spiriti uja wa kuchipatala, tozisungiramo. M'munda simuyenda chiyendeyende ayi. Mumayambira pa ngodya n'kumayenda mokhotakhota, mizere ya m'mphepete n'kuisiya. Mukafika pa phesi, mumatsegula mtima wa chimanga, muja motulukira tsamba latsopano. Mukaona zitosi zonga utuchi wonyowa, dziwani kuti mwini wake ali momwemo. Mbozi yake imadziwika ndi timadontho takuda chakumchira ndi mphanda yoyera pamphumi. Mumaitola ndi pinsa, phu m'botolo. Popeza sindilemba, ndinkamanga timatumba tiwiri m'chiuno: phesi lodyedwa, kamwala kumanzere, labwino, kamwala kumanja. A Dotora akabwera ankangowerenga miyala.

Mankhwala ake unali ufa wobiriwira umene ankapanga kusukulu kwawo, kuchokera ku nkhungu ina yodwalitsa mbozi. Tinkausungunula mu ndowa, kusefa pansalu kuti usatseke kukamwa kwa bomba lopopera, n'kupopera dzuwa litapendeka, chifukwa la masana limaupha mphamvu. Mbozi ikaukhudza, pakapita masiku imauma gwa! n'kumera ubweya.

Koma ntchito imeneyi ili ndi lamulo limene ndinali ndisanalimvepo chibadwire. Kuti adziwe ngati ufa ukugwiradi ntchito, minda ina imayenera kutsala yosapopera, ayerekeze. Ife tinkati munda wa mboni. Mwini munda wa mboni alima, apalira, koma mbozi asazikhudze: asathire phulusa, kaya mchenga, kaya msuzi wa nsomba woitanira nyerere monga tinazolowera. Pofuna kuti pasakhale kukondera, a Dotora anapaka utoto zivindikiro za mabotolo, zina wobiriwira zina woyera, n'kuziponya mumphika. Aliyense ankapisa dzanja atayang'ana kumbali. Ine ndinatola chobiriwira. Abiti Jafali anatola choyera.

Ndiyambe ndakuuzani za Abiti Jafali. Munda wake ndi wanga unkangolekanitsidwa ndi kanjira. Iye Msilamu, ine wa mpingo, koma ana anga onse anabadwira m'manja mwake. Amuna anga atamwalira anagona nane pamphasa mpaka tinameta. Ikafika Idi mpunga unkabwera kwathu usanapite kwa abale ake. Nayenso anali wamasiye, akulera zidzukulu, ana a mwana wake wamkazi amene anatisiya, ndipo kamunda kameneko ndiko kanali nkhokwe yake yonse.

"Tamasulira bwino, wodya nkhumba iwe," anatero atagwira chivindikiro chija. "Akuti mbozi zizidya, ine ndizingozifunsa ngati zakhuta?"

A Dotora anafotokoza, ine ndikumasulira: chilichonse chimene mbozi zidye m'munda wa mboni, iwo adzabweza ndi matumba a chimanga pokolola, ndipo chaka chamawa a mboni ndiwo adzayambe kulandira ufa.

Abiti Jafali sanawayang'ane a Dotora. Anayang'ana ine.

"Mwanayu sindikumudziwa. Galimoto yake sindikuidziwa. Iwe Rozina, ukuti bwanji?"

"Ndikuti vomera, Hajati wosafika ku Maka iwe. Mtima wake ndauona."

"Basi. Ndavomera iwe."

Mvula inagwa dziko lili pamoto. Tinali titangoponya mavoti, ndipo zotsatira zake zinagawa anthu mpaka m'nyumba. Anyamata ankatseka msewu ndi zipika ndi matayala oyaka. Chilichonse chobwera pa galimoto yoyera ankati n'cha boma, ndipo cha boma ankati n'chabodza. Apa m'pamene ntchito yathu inayamba kununkha. Ena ankati zivindikiro zobiriwira zinagwera okhala ndi makhadi a chipani. Ena ankati timabotolo tanga sitichotsa mbozi m'minda, timabweretsa. Ndikamadutsa pa chitsime, nkhani inkaduka, kungotsala kulira kwa ndowa. Galimoto ija anaigenda pafupi ndi Mandimba, ndipo sinabwerenso. Ndi a Dotora tinkangolankhulana pa foni ya mpongozi wanga.

Ufa unagwira ntchito, zimenezo ndiye sindingabise. Chimanga changa chinadera bii, mapesi ngati mkono. Tsidya la kanjira, cha mnzanga masamba ngati nsanza. Ndipo ine ndemwe ndinkalowamo ndi timatumba tanga, timiyala n'kumangothera kumanzere.

Tsiku lina m'mawa anandipeza m'mundamo atasenza lichero la phulusa.

"Rozina, ndingothira mizere ya kumtundayi yokha. Sindiuza munthu. Ana aja adzadya chiyani?"

Ndinathamangira kunyumba kukaimba foni. A Dotora anayankha kuti: "Agogo, muwapepese, apirire. Akathira phulusa, ntchito ya mudzi wonse yapita pachabe, sitidzadziwanso kanthu. Matumba alipo, ndinawapempha ndekha kwa akuluakulu ndipo anavomera."

Ndinabwerera n'kunena momwemo. Abiti Jafali anatsitsa lichero, n'kukhuthulira phulusa lonse pakanjira.

"Chabwino. Poti wanena ndiwe."

Tsiku lovuta linafika titakolola. A Dotora anatumiza uthenga kuti anthu onse a minda ija asonkhane pabwalo la sukulu. A mboni anabwera ndi njinga, ena ndi zingwe zomangira matumba. Tinkatchera khutu kumva lole. M'malo mwake kunabwera mota, njinga yamoto, a Dotora atakwera kumbuyo, fumbi mpaka m'nsidze. Anali atachoka ku Cuamba pa shapa, minibasi ya matola, ngati wina aliyense. Ataonda, jombo zija zikuchita kukhwepa.

Anandikokera kuseri kwa kalasi n'kundiuza m'Chimakua. Ndalama za kafukufukuyu zinkachokera kudziko lakutali, ndipo akuluakulu a kumeneko anasintha maganizo, anatseka thumba tsiku limodzi. Matumba a chimanga anali asanagulidwe. Anagogoda maofesi onse, aliyense ankati nthawi ino n'njoipa, dikirani. Ophunzira ake anabalalika. Ufa umene anauweta zaka zambiri unafera m'mabotolo, poti panalibenso wousamala.

"Ndiye tiwauza chiyani?" ndinafunsa.

"Zoona. Ndipo musachepetse, agogo. Mumasulire monga ndinenere."

Anthuni, ntchito yomasulira ndi yoipa. Pakamwa pomwe panatuluka lonjezo m'pomwe panatulukanso kuti matumba kulibe, ufa wa chaka chamawa kulibe, chaka chamawa chenichenicho kulibe. Ndinanena m'Chinyanja. Ndinabwerezanso m'Chiyao, maso ali pansi.

Bambo wina wa mboni anaimirira. "Mwadya! Inu ndi chipani chanu mwadya! Ndi nkhalambayi yadya nawo, taonani nkhokwe yake!" Anthu anawirikiza. A Dotora anangoima, osadziteteza, mpaka phokoso linatsika lokha.

Pamenepo anachita chinthu chimene munthu wa sukulu yekha angachite. Anatsegula chikwama n'kutulutsa sikelo yopachika, ija ya ngowe.

"Agogo, muwapemphe. Ndipime zokolola za m'minda ya mboni. Popanda zimenezo palibe umboni woti ufa umagwira ntchito, ndipo kuvutika kwawo konse kudzakhala kwachabe. Ndikapima, mwina tsiku lina wina adzatimvera."

"Mwanangu, bwezera chimenecho m'chikwama," ndinanong'ona. "Lero si tsiku lake."

Koma anthu anali ataiona kale. Panalibenso chomasulira. Wina anatola mwala. Wa mota analiza injini, akukuwa kuti dotora kwerani tizipita.

Amene anazimitsa motowo ndi Abiti Jafali. Anaimirira, kumanga mpango wake bwino, n'kunena kuti munthu asaponye kanthu, adikire. Anapita kwawo, ife tili duu padzuwa. Anabwera atasenza dengu, ndipo sanafune womutula. M'dengumo munali zokolola za munda wonse: tizisononkho topindika, tobooka, tina tankhungu. Anakhuthulira m'thumba, anapachika yekha sikelo pa nthambi ya mango, n'kukoleka thumbalo pangowe.

"Muuze apime," anatero kwa ine. "Aone bwino, asaphonye. Mbozi zagwira ntchito yake, ine ndagwira yanga."

A Dotora anayandikira. Anayang'ana muvi wa sikelo, koma misozi inawatsekereza, anachita kupukuta ndi mkono kuti aone. Anawerenga, n'kugwada pafumbi pamaso pa Abiti Jafali. Chiyao sankachidziwa, anangoti, "Pepani, mama, pepani." Abiti Jafali anatsitsa thumba lake n'kumapita. A mboni ena palibe amene anabweretsa kanthu. Bwalo linangotha lokha, njinga zikubwerera zopanda katundu.

M'mawa mwake ndinatapa chimanga m'nkhokwe mwanga, ine ndi mpongozi wanga tinasenza kupita nacho kwa mnzanga. Tinamupeza akusesa pakhomo.

"Ichi n'chako," ndinatero. "Tigawana pakati, mpaka tifike masika ena."

"Bwerera nacho."

"Usatero, Hajati. Ana aja..."

"Rozina, ine sindinakupemphe chimanga. Ndinakupempha kuthira phulusa m'munda mwanga."

Anapitiriza kusesa. Tinabwerera nacho chili pamutu, chikulemera kuposa popita. Ndinayesanso kutumiza kudzera kwa zidzukulu zake, chinabwezedwa. Dzinja lisanafike anatseka nyumba, anatenga ana n'kupita kwa mwana wake wamwamuna ku Entre Lagos, amene amagula nsomba kunyanja. Sanatsanzike. Ndinamva kwa anthu.

A Dotora anaimbapo foni kamodzi. Anati ayamba kuphunzitsa ana a sekondale, ndipo zimene anapeza kwathu zili chikhalire, poti thumba limodzi lopimidwa silikwana kutsimikizira akuluakulu. Sindinawakalipire. Mtsikana uja sananame. Nayenso anapatsidwa lonjezo ndi anthu amene sanawaonepo nkhope, n'kulipereka kwa ine, ine n'kulipereka kwa mnzanga. Koma amene analonjeza poyambirira aja sagona ndi njala, ndipo dzina la Abiti Jafali salidziwa.

Inu ophunzira amene mudzawerenge izi, ntchito yanu sindiinyoza. Ndinaona ndi maso anga mbozi zikuuma. Koma chimene ndinatolapo ndi ichi: munthu amene mukumupempha kuti munda wake ukhale mboni, matumba ake alowe m'nyumba mwake mvula isanagwe. Ena anabweranso chaka chatha, a za nandolo, atamva kuti kuli gogo wodziwa ntchito. Ndinawauza zomwezo. Anati malamulo a opereka ndalama salola kulipira zinthu zisanaonongeke. Ndinati nanenso pakamwa panga sipalola.

Abiti Jafali ndinakumana naye kamodzi, pamsika wa Mandimba. Anali atayala nsomba zouma pa chiguduli, milumilu. Ndinanjuta patsogolo pake.

"Hajati, uli moyo?"

"Tili bwino, mayi. Mukufuna za bwanji?"

Ndinaloza mulu umodzi. Kale ndikanati nditulutse ndalama pamaso pake akanandimenya dzanja, n'kunditukwana mpaka msika wonse kutembenuka. Tsiku limenelo anailandira ndi manja awiri, mwaulemu. Anakulunga nsomba zija bwinobwino, n'kuwonjezerapo tiwiri ta basela, monga amachitira ndi wogula aliyense kuti adzabwerenso. Kenako anayang'ana kumbuyo kwanga, kwa mayi amene ankadikira.