Mphwanga Anasesa Chifunga

Anthu akamadutsa pa sekondale ija ya kumapeto kwa tauni amati, "Iyi inamangidwa ndi boma la atsamunda." Bodza. Boma linabwera ndi chipewa chake n'kuima pamthunzi. Njerwa za chipinda chodyera, za nyumba zogona anyamata, ngakhale za chimbudzi cha aphunzitsi, zinadutsa m'manja awa. Dothi ndinaponda ine, chikombole ndinanyamula ine, uvuni ndinasonkhezera ine mpaka nsidze zinawauka. Wotsutsa abwere kwathu ku Mchengautuwa ndidzamuonetse zikhatho.

M'zaka zimenezo za chitaganya, Mzuzu inali katauni chabe. Masitolo ochepa, maofesi a boma, ndi mitengo ya mafuta ya azungu itandandalika m'zitunda. Pamene pali sukulupo panali nkhalango ya apusi. Ife tinachokera ku Dowa potsatira abambo, amene anali kapitawo wa misewu, ndipo tinamanga kanyumba ku Chiputula kukadali tchire. Ine sukulu ndinalekezera Sabu B. Si kuti mutu unali wouma, ayi. Ndinali mwana woyamba, ndipo banja likamasamukasamuka, mwana woyamba ndiye amasenza mitolo pamene ang'ono akusenza masileti.

Nyumba zitatha, galimoto linabwera ndi mabedi achitsulo. Amene ankawatsitsa ndife. Nditaika bedi limodzi pakona, ndinayang'ana uku ndi uku, n'kugonapo chagada. Abale anga, msana wanga unali usanamvepo zoterezo! Chitsulo chinandilandira ngati madzi. Kapitawo wa omanga anandipeza ndikuyang'ana malata, nati, "Dzuka iwe, amenewo ndi a ana anzeru." Ndinadzuka, koma mawu aja sanandichoke.

Mwa ana anzeruwo munadzakhala mphwanga. Ameneyo anali wowonda ngati bango, wamantha, woti tambala akamuthamangitsa ankalira. Titangofika kumpoto kuno, anyamata a kuno ankatiseka kalankhulidwe, ndipo iye ankathawira kumbuyo kwanga n'kundigwira malaya. Ine sindinkafunika kuponya chibakera. Ndinkangoti "Iwe!" ndipo agalu a ku Katoto ankayamba kuuwa. Mawu amenewa ndinabadwa nawo, mpaka lero kutchalitchi sandipatsa chimkuzamawu. Mphwanga anakula akudziwa kuti vuto lililonse mathero ake ndi kukuwa kuti "Achimwene!" Pa zonse zimene ndinali nazo, chimene ndinkanyadira ndi chimenecho. Iye anali ndi mabuku, ine ndinali ndi iye.

Atakhoza mayeso a boma, amayi anaimba nthungululu mpaka anasasa mawu. Abambo anakhuthula zovala zanga m'bokosi lamalata, n'kuziika m'thumba la ufa, bokosilo n'kupatsa iye. Anamugulira nsapato zakuda, ine zala zili pamtunda. Ndipo tsiku lotsegulira, anasenza bokosi lija ndani? Ine. Ndinalitula pa bedi la pakona, lomwe lija, iye n'kukhalapo osadziwa n'komwe kuti linafika bwanji pamenepo.

Ntchito yomanga itatha, ndinapeza ina yopereka nkhuni kukhitchini ya pasukulupo. Choncho moyo wawo ndinauona wonse, ngati munthu woonera phwando pa mpanda. Belu likalira, ankathamanga n'kuima m'mizere, malaya oyera mbee. Ankamwa tiyi wa shuga pakati pa sabata, popanda mlendo. Loweruka madzulo ankasonkhana m'holo kukangana m'Chingerezi, wina kuimirira, wina kukhala, n'kumaombera m'manja munthu chifukwa chotsutsa mnzake. Mpira ankamenya atavala nsapato za zisonga. Udzu ankatchetcha ndi zikwakwa, koma kutchetcha kwake kwa munthu woopa matuza. Ankadandaula kuti nyemba zili ndi anankafumbwe. Ine ndinkati mumtima, ndipatseni mbaleyo, anankafumbwewo ndiye ndiwo. Lamulungu ankayenda awiriawiri kupita kutchalitchi, ndipo atsikana amene dzulo lake ankandipatsa moni wa "Monire, dada," tsikulo maso awo ankandidumpha ngati chitsa.

Panali mwambo wina umene sindinkaudziwa, chifukwa unkachitika aphunzitsi kulibe. Ankautcha kutiza. Anyamata akale ankazunza atsopano kwa masabata angapo: kuwachapitsa zovala, kuwaimbitsa nyimbo atakwera pa tebulo, kuwatuma zinthu zopanda mutu. Mphwanga sananene kanthu kwathu. Ndikakumana naye kuseri kwa khitchini ankangoti, "Zili bwino, achimwene," n'kuthamangira belu.

M'mawa wina wa Loweruka ndinalawira ndi mtolo wa nkhuni. Amene anakhalako ku Mzuzu akuchidziwa chifunga cha kuno, choti ukatambasula dzanja zala osaziona. Podutsa m'mbali mwa bwalo la mpira ndinamva kuseka, kenako phokoso la masache. Nditayandikira ndinaona anyamata atsopano ali pamzere, opanda malaya, aliyense tsache m'manja, akupalasa m'mwamba. Akale anali atakhala pa benchi, atafunda mabulangete, tiyi m'manja. Wina wamtali, wa kolala yolimba, ankalamula.

"Sesani chomene, madoda! Chifunga chichoke pa bwalo, tikufuna kumenya bola ife!"

Kumapeto kwa mzere kunali mphwanga, nthiti zili poyera, akunjenjemera, akusesa mpweya ngati wamisala. Wamtali uja anamuloza.

"Iwe wa ku Dowa, mbali yako chikadalipo. Kwanu simusesa?"

Mtolo unagwa wokha. Ndinakuwa "Iwe!" ndipo mbalame zinabalalika m'mitengo, wophika anatuluka ndi chipande m'manja. Ndinafika pa benchi, ndinagwira kolala ija, n'kumunyamula mnyamatayo mpaka nsapato zake zinasiya nthaka. Tiyi anatayikira pa bulangete.

"Mwana wa abambo anga ndiye wantchito wako? Bwalo ili ndinazula zitsa ndine! Sesa iweyo ndikuone!"

"Yewo, dada, yewo," iye anatero mopepesa, mawu akutuluka movutika. "Tikusewera waka. Ndi mwambo wa pano."

"Mwambo wa kwanu!"

Ndinamusiya, iye n'kugwa chokhala. Ndinatembenuka chifuwa chili patsogolo, kudikira kuti mphwanga abwere kumbuyo kwanga adzandigwire malaya monga kale. Anabweradi, koma anaima patsogolo panga, maso ali gwa. Misozi inali m'maso, koma sinali ya kuzizira.

"Achimwene, mwatani?"

"Ndatani? Vala malaya tizipita. Ukaona amayi, ukamwe phala lotentha."

"Lero linali tsiku lomaliza," iye anatero monong'ona. "Dzuwa likatuluka chifunga chichoka chokha, iwo anena kuti tasesa bwino, atipatsa mayina a pano, tikadya nawo tebulo limodzi. Iwonso anasesa. Tsopano ine ndikhala uja anaitana mkulu wake. Palibe adzandigwire, palibenso adzandilankhule."

"Ndiye ukufuna chiyani? Uzunzidwe?"

"Ndikufuna muchoke, achimwene. Izi ndi zathu."

Zathu. Mwana amene ndinamubereka kumsana kuwoloka mitsinje ya ku Dowa! Ndinatambasula dzanja ndikuti, "Tiye." Iye anayang'ana dzanja langa, anayang'ana tsache limene linali pa udzu, n'kuwerama kutola tsache. Anapita kwa wamtali uja, amene anali akukonzabe kolala, nalankhula naye m'Chingerezi, manja ali kumbuyo. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma munthu akamapepesa umamudziwa m'chinenero chilichonse. Ankapepesa chifukwa cha ine. Kenako anabwerera kumapeto kwa mzere n'kuyambanso kusesa, yekhayekha, anzake ataima.

Ndinatola nkhuni zanga imodziimodzi. Ndikunena pano poyera: chimene chinandiwawa si manyazi. Ndinkayang'ana ana opanda malaya aja, akunjenjemera ndi masache awo, ndipo ndinkalakalaka ndikanakhala pamzerepo. Ine, amene ndikanasesa chifunga cha Viphya yense ndisanamwe madzi! Ngakhale kuzunzidwa kwa pamalo paja kunali ndi eni ake, kunkafuna munthu wokhoza mayeso.

Kuyambira tsiku limenelo, mkulu wa kukhitchini anati nkhuni ndizitula pachipata. Kwathu ndinafotokoza nkhani yonse ndikuyembekeza kuti abambo anditamanda. Iwo anangopukusa mutu nati, "Iwe wamkulu, nyumba ukaimanga n'kupereka kiyi, sulowanso osagogoda." Amayi anangondithira madzi osamba. Mpaka lero ndimati sindinalakwe. Munthu ukapeza m'bale wako ali wamaliseche pachisanu, umakuwa. Ndikanapezanso lero ndikanakuwa.

Ndinamva kwa wophika kuti mphwanga anasesa yekha m'mawa uliwonse mpaka akale aja anatopa n'kumupatsa dzina lake. Chaka chotsatira iyenso anakhala pa benchi ndi bulangete. Sanasiye kundilemekeza, ayi. Pa tchuthi ankandipatsa moni ndi manja awiri. Atayamba ntchito ya m'boma ankandigulira jekete, ana anga anawaphunzitsa. Koma "Achimwene!" uja wokuwa, wa munthu amene waona zoopsa, sindinamumvenso. Akapeza vuto ankapita kwa anzake a pasukulu paja, mmodzi mwa iwo wamtali yemwe uja.

Mphwanga anatsogola, ine wamkulu n'kutsala. Pamaliro ake panabwera madoda a imvi, ena ndi ndodo, akuitanana mayina achilendo amene ngakhale akazi awo sankawadziwa. Mmodzi wowerama msana anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Dada, mwandikumbuka? Khosi ili likuwawabe."

Anali wamtali wa kolala uja. Anzake anaseka, inenso ndinaseka, poti pamaliro sukana dzanja la munthu. Anayamba kukumbutsana za masache, aliyense kunena m'mawa umene iye anasesa, mpaka ena kupukuta misozi. Nkhani ya ine inali ngati mchere wa nkhani yawo.

Nthawi yonyamuka itakwana, anapempha akuluakulu a mpingo kuti bokosi alinyamule iwo kuchoka pakhomo kufika pamsewu. Kwathu m'bale sanyamula maliro a m'bale wake, choncho ine anandikhazika pampando. Wamtali uja anagwira kumutu. Anayamba nyimbo yawo ya pasukulu, ya Chingerezi, timawu tawo tokalamba tikunjenjemera, tosafika n'komwe kumpanda. Ine ndikanaiyamba, akanaimva ku Katoto. Ndinatsegula pakamwa, koma mawu ake sindinkawadziwa, ndipo ndinawaona akumutenga.