Pafu Lopserera la Atate

Atate anali khukhi. Anaphikira azungu ku Kabulonga ndisanabadwe, ndipo ufulu utabwera anapitiriza kuphikira mabwana atsopano m'nyumba zomwezo. Koma kwathu ku Kalingalinga sankakhudza mphika. Ankabwera akununkhira batala, n'kukhala pakhonde kumatisimbira za makirimu pafu, ife tikumeza malovu.

"Ni tumakeke topepuka," ankatero. "Tunayamba ni ophikira mafumu ku Falansa. Kumeneko amati tumakabichi, chifukwa cha maonekedwe."

Iwo anaphunzira kwa mdala wina wa ku Nyasalande, amene ankawagogoda ndi chipande akatsegula uvuni msanga. Zonsezi ndinkazidziwa pamtima, koma pafulo ndinali ndisanalionepo. Zinkandiwawa, ndisaname. Ana a mabwana ankadya za m'manja mwa atate anga, ine n'kumangodya nkhani.

Ndinakwatiwa m'zaka za chipani chimodzi, nthawi ya mizere ya m'masitolo, pamene fulawa ndi batala zinkaoneka mwa apo ndi apo. Mwamuna wanga anali Mbemba wa ku Kitwe, ndipo ukwati ukatha ndinkapita naye komweko. Kwawo kuli mwambo wakuti akuchikazi aphike zakudya za pakhomo pawo n'kukazionetsa kwa mkamwini. Atate anati nawonso aikapo mbale yawo, koma woyamba kulawa ndikhale ine.

"Mwana wanga sangapite ku Kitwe asanalawe nchito yanga," anatero.

Anaima m'mizere milungu ingapo mpaka zonse zinakwana. Tsiku la mwambolo ine ananditsekera kuchipinda ndi alangizi, chitenje kumutu, osaloledwa kuyankhula kapena kuseka. Za panja ndinkazimvera pazenera. Uvuni tinalibe. Atate anathira mchenga m'poto wamkulu, n'kumukhazika pambaula, makala ena pachivundikiro. Atayamba kuvundula fulawa m'madzi owira, azimayi anafa nazo kuseka, ati taonani bambo akuphika nsima ya azungu. Iwo anangopitiriza kuvundula. Ndinangomva mazira akusweka, kenako fungo lija la zovala zawo linadzaza nyumba yonse.

Ataphula mapafuwo anawayala palichero kuti azizire, n'kupita kutaveni kumene anasungitsa kasitadi mufiriji. Kirimu weniweni ukanamupeza kuti masiku amenewo?

Apa m'pamene analowererapo azakhali, achemwali awo aakulu a atate, mayi wolamula amene sankafunsa munthu. Anatenga pafu limodzi n'kulibenthula.

"Mayo, mulibe kanthu mukati! Vakanga ivi, vaonongeka. Tikapereka kuli bapongozi, bazakamba kuti tabatumira mphepo."

Anabenthula lina, chimodzimodzi. Pofuna kubisa manyazi a mlongo wawo, anaitana ana a m'komboni n'kuwagawira, ati idyani msanga wophikayo asanabwere. Ine ndinkadziwa kuti pafu limayenera kukhala lamphako, ndiye malo a kasitadi amenewo. Ndinafuna kukuwa, koma mlangizi ananditsina pantchafu. Mkwatibwi sayankhula. Mpaka lero ndikakumbuka kutsina kumeneko mtima umandiwira.

Atate atabwera anapeza lichero lili mbee. Azakhali anawauza monyadira kuti awapulumutsa. Ndinkayembekeza kuti akalipa, koma anangoti, "Mwachita bwino kudyetsa bana, achemwali." Mazira anali atatha, fulawanso.

Patapita kanthawi chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Alangizi anadzuma, pakuti mwamuna salowa m'menemo. Atate anavula nsapato, n'kugwada pakhomo pomwepo ngati mwana. M'manja anali ndi sosala, ndipo pasosalapo panali pafu limodzi lakuda mbali imodzi. Linali lopserera, limene iwo anali ataliika padera pamwala asanapite kutaveni. Analipala ndi mpeni, n'kulidzaza kasitadi mpaka kusefukira.

"Kukanakhala kwa bwana, ili sembe nataya," anatero chapansipansi. "Undikhululukire, mama."

Mlangizi wamkulu anayang'ana kumbali dala. Ndinatulutsa dzanja pansi pa chitenje n'kulandira. Linkawawira utsi, ndipo mano anakumana ndi kamchenga. Mkati munali mozizira, motsekemera. Ndinadya pang'onopang'ono, misozi ikugwera pasosala, iwo ali chigwadire kudikira.

"Vili bwanji?" anafunsa.

Mkwatibwi sayankhula. Ndinanyambita sosala yonse, n'kuwabwezera ili mbee.