Tsache la a Egon

A Egon Haberkorn anayendetsa lole yotolera mkaka m'midzi ya dera lamapiri la Allgäu mpaka tsitsi linachita mbuu, koma mukafunsa anthu, za mkakazo sakumbuka. Chimene amawadziwa nacho ndi mitengo yawo ya Khirisimasi, imene inali yonyansa kuposa ya wina aliyense m'chigwa chonsecho.

Sikuti mitengo yabwino inkasowa. Disembala akafika, mlonda wa nkhalango ya mudzi ankalola banja lililonse kukadula kapaini kamodzi, ndipo amuna anzawo ankazungulira m'chipale chofewa kufunafuna mtengo wowongoka, wa nthambi zodzadza mbali zonse. A Egon ankangolunjika pa kamtengo kamene aliyense wakalambalala, kopindika, kometeka mbali imodzi ngati nkhuku yososoledwa theka. Ankati kakuwamvetsa chisoni. Akafika nako kunyumba ankadzitsekera m'shedi ndi sowo, choboolera ndi nthambi zotola, n'kumaboola thunthu ndi kusomeka nthambi pamene Mulungu anaiwala kuikapo. Luso analibe, tisanamizane. Nthambi zina zinkaloza pansi, zina zinkafota Khirisimasi isanathe.

Tsiku loti mawa Khirisimasi ankatseka chitseko cha pabalaza, kupachika nyenyezi za mapesi a tirigu, maapozi ofiira ndi makandulo, kenako n'kuliza kabelu kuti banja lilowe. Woyamba kulowa ankakhala mkazi wawo, a Traudl, manja ali m'chiuno.

"Egon, anzako akudula mitengo, iwe wabweretsanso tsache."

"Ndi mtengo uwu, mkazi wanga. Tauyang'ana bwino."

"Ndauyang'ana. Nanga nthambi iyi inayamba liti kumera chadodolido?"

Ankazungulira mtengowo kuloza nthambi iliyonse yosomeka, ana akufa ndi phwete, a Egon akudziteteza ngati ali pabwalo la milandu. Pomaliza a Traudl ankatenga nyenyezi yaikulu n'kuipachika okha pa nthambi yoipitsitsayo, ati kuti ibise manyazi a banja. Zinayamba chaka chimene anakwatirana, ndipo panalibe chaka chimene anadumphitsa.

Masiku otsatira anansi ankayenda nyumba ndi nyumba kukatamanda mitengo, monga mwa mwambo. Mlendo amaima pakhomo la pabalaza n'kunena kuti, "Mtengo wokongola bwanji," ndipo eni nyumba amamuthirira katoti ka kachasu wa mapeyala. Kwa a Haberkorn anthu ankanama bodzalo akuluma milomo kuti asaseke, koma katoti sankakana. Kutamanda inali ntchito ya alendo. Amene anali ndi ufulu wonena zoona ndi mwini nyumba yekha, a Traudl, ndipo a Egon ankaukonda mnyozo umenewo kuposa matamando a mudzi wonse.

Kenako ukalamba unayamba kuwabera a Traudl nzeru. Anayamba ndi kuiwala mphika pamoto, pambuyo pake mayina a zidzukulu. Pofika chaka chathachi ankangokhala pampando wa pawindo, chikwama chili pamiyendo ngati munthu wodikira basi, ndipo a Egon akawabweretsera khofi ankati, "Zikomo kwambiri, bambo." A Egon sankaidandaula ntchito yosamalira mkazi wawo. Chimene chinkawapweteka ndi ulemuwo. Ankaopa kuti mkazi wawo adzachoka pansi pano akuganiza kuti amakhala kwa eni.

Mwana wawo wamkazi, Heidrun, anabwera kuchokera ku tauni ya Kempten atamangirira mtengo wogula pamwamba pa galimoto.

"Ababa, chaka chino musavutike," anatero. "Manja anuwo akunjenjemera, mudzadziboola chala. Kamodzi kokha Amama aoneko mtengo weniweni."

A Egon sanatsutse, pakuti mwanayo ankanena mwachikondi. Mtengowo unali wowongoka, wodzadza, wopanda chilema. Anaukongoletsa awiriwiri masana, anayatsa makandulo, ndipo a Egon analiza kabelu kaja.

A Traudl anabwera atakumbatira chikwama chawo. Anaima pakhomo n'kumwetulira mwaulemu.

"Mtengo wokongola bwanji," anatero. "Muli ndi nyumba yabwino, bambo. Koma ine ndisakhalitse, amuna anga akundidikira."

Heidrun anatembenukira kukhoma. A Egon anaima kaye kabelu kali m'manja, mtima ukuwawa koopsa, chifukwa mkazi wawo anali atatamanda mtengo ngati mlendo m'nyumba mwake momwe. Kenako anauza mwana wawo kuti, "Tawaperekeza amayi ako kukhichini, uwapatse khofi." Anazimitsa makandulo n'kupita ku shedi kukatenga zida zawo.

Heidrun atamva sowo ikulira pabalaza anathamanga.

"Ababa, mukutani? Mtengo wabwinobwino uwu."

"Tseka chitseko, mwana iwe. Wamva belu likulira?"

Anadula nthambi za mbali imodzi mpaka thunthu linaonekera. Analiboola n'kusomeka nthambizo pamene zinalola kulowa. Imodzi inaloza pansi. Masamba ndi utuchi zinali mbwee pa kapeti, koma sanasese. Anayatsanso makandulo, n'kuliza belu kachiwiri.

Ulendo uno a Traudl sanaime pakhomo. Anayandikira, nazungulira mtengowo pang'onopang'ono, kumwetulira kwa ulemu kuja kukuchoka pankhope. Pofika pa nthambi yoloza pansi ija anaima. Chikwama anachiponya pampando, manja n'kupita m'chiuno.

"Egon," anatero, "kodi iwe sudzasintha? Tsache ili walitola kuti?"

A Egon anafuna kuyankha kuti ndi mtengo, monga ankayankhira chaka chilichonse, koma anangoti maso tong'o pa mkazi wawo.

"Usandiyang'ane ngati ng'ombe. Ndipatse nyenyezi yaikulu ija anansi asanabwere kudzatiseka."

Anawapatsa, ndipo a Traudl anaipachika okha pa nthambi yoloza pansi ija.