Mafupa a agogo Zuze ndi ntchafu ya Tomasi

Ndikakumbukira agogo Zuze, ndimamva fungo la masaka onyowa ndi dothi la mbatatesi, iwo atakhala pakampando pakhonde kwathu ku Ntengo-Wambalame, chisingano chili kukamwa, akusoka matumba a anthu amene ankakonzekera ulendo wa kumsika ku Tsangano, uku mphepo yozizira ya m'mapiri ikukupiza malata. Anali bambo a mayi anga. Anali aafupi zedi, miyendo yopindika ngati uta, ndipo poyera pa maso awo sipanali poyera ayi, pankaoneka ngati thambo la m'mawa.

Kulima sankalima. Mafupa awo ankathyoka ndi zinthu zachabechabe, kupunthwa pamzere, ngakhale kuyetsemula mwamphamvu. Koma nthabwala ndiye zinali zawo. Mbuzi itawagunda n'kuwathyola mkono, anagona pansi n'kumati, "Kaiuzeni yapambana, sindibwezera." Makutu atayamba kugontha, anandinong'oneza kuti, "Mulungu wandimvera chisoni, mdzukulu. Agogo ako aakazi sindikuwamvanso."

Chimodzi chokha sankaseka nacho: mng'ono wawo, a Lazaro. Ankakhulupirira kuti ndi amene anawalodza chifukwa cha dimba la kumtsinje. Ankatiletsa ngakhale kumwa madzi kwawo. A Lazaro akamadutsa n'kufuula, "Mwaswera, achimwene?" agogo ankangopitiriza kusoka. Agogo anamwalira osalonjerana nawo.

Ndikunena zimenezi chifukwa cha mwana wanga Tomasi. Nditakwatiwa ndinapita kuchitengwa ku Chidzolomondo. Kumeneko, monga kwathu, khanda likasamba timalikoka miyendo ndi mikono kuti liwongoke, likule lolimba. Apongozi anga aakazi ankatero m'mawa, ine madzulo. Tsiku lina ali m'manja mwanga, mwana analira kulira kwina, ntchafu n'kutupa. Itapola ntchafu, unathyoka mkono.

"Iwe umamugwetsa mwanayu," anatero apongozi. "Kapena umamumenya tikapita kufodya?" Anauza bambo a Tomasi kuti mwana alera okha, ine ndibwerere kwathu. Ine ndinangopempha kuti tiyambe tapita kuchipatala chachikulu kumene enfermeira, namwino wa kwathu, anatitumiza. Apongozi anabwera nawo, kuti akanene okha zimene ndimachita.

Dotora wake anali mayi. Anayang'ana chithunzi cha mafupa, kenaka anatsegula maso a mwana, kenakanso anga.

"Kwanu kuli wina amene ankathyokathyoka? Wogontha asanakalambe?"

Misozi inangotuluka. Ndinawauza za agogo, mpaka za dimba zomwe. Sanaseke. Anati madokotala ena ofufuza matenda otengera kumakolo anatsata mabanja ambiri onga lathu, n'kupeza kuti m'fupa muli ulusi umene umaligwira kuti lisathyoke msanga. Ena amabadwa ulusiwo uli wofooka, ndipo zimayenda kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana.

"Inu muli nazo pang'ono, mwanayu zamuchulukira. Palibe wamugwetsa, palibe wamulodza. Kuthetseratu sitingathe, koma alipo mankhwala a m'soro, odontheza m'mitsempha, olimbitsa mafupa, ndipo ana otere amakula, amapita kusukulu."

Mtima wanga unathamangira kwa a Lazaro, amene analonjera zaka zonse zija osayankhidwa.

"Nanga kuwongola kuja?" anafunsa apongozi, mawu ali pansi.

"Kumeneko musiye, mama. Simunkadziwa, nonse awiri."

M'chapa, kaminibasi kaja, pobwerera apongozi ankangoyang'ana minda ya chimanga pawindo njira yonse. Titafika, ndinatenthetsa madzi osambitsa mwana, ndikudikira kumva ngati za kubwerera kwathu zidakalipo. Ndinangoona agwada pambali pa beseni, apinda manja a bulauzi.

"Make Tomasi, tandionetsa pogwira."

Ndinatenga chikhatho chawo n'kuchiika pansi pa mutu wa mwana, china pansi pa matako. Anamunyamula pang'onopang'ono.

Lero Tomasi akuyenda chogwira khoma, ndipo masiku a soro sitiphonya, ngakhale ulendo wake ndi wautali. Akagwa mtima umandidumphabe. Koma sindichita mantha ndekha tsopano. Mlendo akangofika n'kutambasula manja kuti amukweze m'mwamba, ine ndisanatsegule pakamwa apongozi amakhala atafuula kale ali kunkhokwe:

"Manja kumbuyo, amwali! Ameneyo ndi wanga. Khalani pansi kaye ndikuphunzitseni."