Matayala Olira a Galimoto ya Amuna Anga

Amuna anga ndinkawadziwa kuti akubwera asanaoneke. Nyumba yathu ili cha ku Chiparamba, pafupi ndi pamene msewu wa tala umatsetsereka kupita pa kamlatho. Galimoto zambiri zimadutsa pamenepo, koma yathu inali ndi kaliridwe kakekake. Inali pikapu yakale yoyera, ndipo iwo ankaiveka matayala a mano akuluakulu, aja oyendera m'matope. Matayala amenewo akaponda tala amangoti wuuu, ngati njuchi zikusamuka. Ndikamva kulirako ndinkasiya chilichonse chimene ndagwira n'kukatereka madzi osamba. Pamene galimoto inkakhota kulowa m'kanjira kathu, madzi amakhala atayamba kufunda.

Ndinkawanena nawo matayalawo. "Anzanu amabwera kunyumba mwakachetechete, inu mpaka mudzi wonse udziwe."

"Si bwino kodi?" ankatero iwo. "Ndimakupatsani mpata woti muthamangitse chibwenzi chanu."

Sankawagulira kukongola. Ntchito yawo inali yonyamula katundu wa anthu m'midzi ya ku Kasenengwa, kumene nthawi ya dzinja njira zimasanduka phala. Feteleza, mbewu, odwala, nthawi zina maliro. Kumene ena ankakana kupita, iwo ankapita.

Matenda a shuga atawafooketsa miyendo, anaphunzitsa mwana wathu wamkazi, woyamba kubadwa, kuyendetsa. Ankakhala pambali pake n'kumamukalipira njira yonse, koma akafika kunyumba ankandinong'oneza kuti mwanayu ali ndi dzanja labwino. Anamwalirira kuchipatala ku Chipata nyengo yozizira. Thupi lawo linabwera pa galimoto yomweyo. Mwana wanga sakanatha kugwira chiwongolero tsiku limenelo, choncho anayendetsa bambo wina wa kumpingo kwathu. Ankayendetsa pang'onopang'ono monga zimakhalira pa maliro, moti pa chitsetse paja matayala sanalire n'komwe. Ulendo wawo womaliza analowa pakhomo mwakachetechete, monga ndinkawauzira muja.

Achibale atabwera kudzagawa katundu, galimoto anasiyira mwana wanga. Palibe anakangana nazo. Koma iye sanaikhudze, inenso sindinamuuze kanthu. Inangokhala pansi pa mtengo wa mango, mvula n'kugwa n'kutha. Nkhuku zinayamba kuikira mazira pansi pake. Matayala anaphwa, dzuwa n'kuwang'amba m'mbali ngati zidendene za munthu wolima.

Titakolola soya chaka chotsatira, mwana wanga anati, "Amama, ogula obwera pakhomo akutidyera masuku pamutu. Motoka ili apa. Tiidzutse."

Makaniko anabwera, anaika batire lina, injini n'kulira bwinobwino. Koma matayala anati afa onse, palibe n'limodzi lomwe lopulumuka. Anatimasulira gudumu limodzi kuti tipite nalo m'tauni, ogulitsa akaone okha kukula kwake. Tinakwera nalo lole ya aneba. Njira yonse ndinaligwirira ndi dzanja kuti lisagubuduke, ndipo zala zanga zinkangopeza timaenje m'mphepete mwa rimu, chitsulo chija chomwe tayala limavalapo. Anali malo amene amuna anga ankamenya ndi hamala akaipinda pa miyala.

Sitolo imene iwo ankagulako matayala ndinkangoimva, ndinali ndisanalowemo. Mwini wake ndi bambo wachisilamu wa ndevu za imvi. Titangogubuduzira gudumu pakhomo, anaseka.

"Rimu iyi ndikuidziwa! Ndani wina m'boma lino amasula rimu ngati khasu? Mudala ali kuti? Lero wachita ulesi, watuma azimayi?"

Mwana wanga ndiye anayankha kuti atate anatisiya chaka chatha. Bamboyo anakhala ali chiimire, kenako analowa mkati n'kutulutsa mpando wake womwe amakhalira, kundiikira.

"Pepani amama. Sindinamve. Ndimangoti mwina anagulitsa motoka."

Kenako ntchito inayamba, poti tinali titabwerera ntchito.

Pakhoma anali atapachika marimu onyezimira, okhala ndi timiyendo ngati nyenyezi. Ndinaona mwana wanga akuwayang'ana. Bamboyo anawonanso.

"Amenewo ndi okongola, ndipo ndi opepuka," anatero. "Koma akagunda mwala amasweka, sawongoka. Achitsulo amapindika, munthu n'kuwawongola, ulendo n'kupitirira. Zili kwa inu, mayi, kumene mumayenda mukukudziwa ndinu."

Mwana wanga anaseka pang'ono. "Atate akanati motoka ikufuna kukwatiwa. Asiyeni. Akale omwewa tidzawapaka penti."

Za marimu zinathera pomwepo. Nkhani inavuta pa matayala.

Anatigubuduzira atatu n'kuwaimika kutsogolo kwathu. Loyamba linali la mizere yosalala, la m'tauni. Lachiwiri linali la mano apakatikati. Lachitatu ndinalizindikira ngati nkhope ya munthu. Mapazi a tayala lotere ndinawasesa pabwalo panga m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri.

Bamboyo anafunsa kumene galimoto izidzayenda kwambiri. Mwana wanga anati pa tala, kubweretsa mbewu m'tauni, ndi m'midzi yapafupi nthawi ya chilimwe. Anati iye sangalowe m'madambo a ku Kasenengwa m'dzinja monga ankachitira atate ake.

"Ndiye tengani lapakatili," anatero bamboyo. "Fumbi limayenda, matope pang'ono limayenda. Silitha msanga pa tala, silimwetsa mafuta, ndiponso silisokosa."

"Nanga losokosa ndi liti?" ndinafunsa, ngakhale ndinkalidziwa.

Anandiyang'ana. "Amama, chiyambire ntchito ino anthu amabwera kudzafuna osasokosa."

"Ine ndikufuna osokosawo."

Mwana wanga anatembenuka. "Amama, motoka woyendetsa ndine. Phokoso lija mukulimvera kunyumba, ine ndimakhala nalo m'makutu mpaka mutu kuwawa. Ndipo mwamva, amatha msanga."

"Ndamva."

"Ndiye tiwagulirenji?"

"Ndikufuna ndimveko."

"Mumve chiyani?"

Ndinangoika dzanja pa tayala lija, zala n'kulowa pakati pa mano ake. Linkanunkha mphira watsopano. Ndinkadziwa kuti mwanayo akunena zoona. Soya tinalima tonse, ndipo amene ankati azivutika ndi galimotoyo ndi iyeyo. Koma dzanja langa linakana kuchoka.

Bamboyo anayamba kupukuta m'manja ndi kansanza, ngakhale munalibe litsiro. Kenako anati kwa mwana wanga, motsitsa mawu, "Mayi, matayala si nyumba. Amatha. Awa akadzatha mudzabwera kudzatenga omwe mukufuna, ndidzakhala ndili pompano Mulungu akalola."

Mwana wanga anayang'ana kumsewu nthawi yaitali. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti, "Tipatseni a matopewo."

Makaniko atawamanga, galimoto inaima mowongoka ngati kale. Tinaitsuka, nkhuku n'kuzisamutsa. M'mawa mwake mwana wanga anapakira soya n'kunyamuka. Pokwera chitsetse ndi katundu galimoto imayenda pang'onopang'ono, choncho sindinamve kanthu.

Madzulo, dzuwa litapendeka, ndinali pakhonde ndikusenda mtedza. Sindinkaganiza za galimoto. Ndinkaganiza za mbuzi imene inali itadula chingwe. Ndiye kunamveka wuuu kuchokera kumsewu.

Sindikumbukira kuimirira. Ndinangozindikira ndili kukhitchini, moto ndasonkhezera, madzi ndatereka. Ndinatenga ndowa yawo ya buluu n'kuitsukuluza. Ndinalowa m'chipinda n'kutambasula dzanja kuseri kwa chitseko, pa msomali pamene pankakhala thaulo lawo. Dzanja linagwira msomali wokha. Thaulo linapita ndi achimwene awo tsiku logawa katundu lija. Pamenepo ndiye ndinakumbukira, ndipo zinali ngati andiuza uthenga wa maliro kachiwiri.

Galimoto inalowa pabwalo. Chitseko chinatseguka, n'kutsika mwana wanga, akumwetulira chifukwa soya anali atagulitsa bwino. Anaona ndowa ya buluu ili pakhomo la bafa, nthunzi ikutuluka. Kumwetulira kunatha.

"Madziwa ndi a ndani, amama?"

"Ndi ako. Kasambe, wadetsedwa ndi fumbi."

Anakasamba. Ndinamumva akulira m'bafamo, akuthira madzi mwamphamvu kuti ndisamve.

Ndinkayesa kuti zichitika kamodzi kokha, koma ayi. Ulendo uliwonse akamabwera, miyendo yanga inkanyamuka mutu usanaganize. Kuchokera pakhonde kukafika kukhitchini amuna anga amakhala ali moyo, ndipo ndikafika pa moto amamwaliranso. Ndinayamba kuwonda. Mwana wanga anaona.

"Amama, tiwabweze matayalawa. Ndikawapempha abambo aja atisinthire, akadali atsopano. Akukuphani."

"Ayi."

"Nanga tichite bwanji? Ndizitsika chitsetse chija ndikukankha motoka?"

Ndinaseka, iyenso anaseka. Kuwabweza sindikanalola. Zovala zawo zinapita, nsapato zinapita, mawu awo enieni ndayamba kuwaiwala mmene ankamvekera. Chimene chinatsala chomveka ndi makutu ndi chimenechi.

Ndinaganiza masiku angapo, kenako ndinamuuza kuti, "Ukafika pamwamba pa chitsetse, usanayambe kutsika, uziliza hutala. Atate ako sankaliza hutala pamenepo. Ndikamva hutala ndizidziwa kuti ndiwe."

Ndi mmene timachitira mpaka lero. Hutala amayamba, ine n'kudziuza kuti ndi mwana wanga. Kenako kumabwera kulira kuja, ndipo ndimakhala pansi, manja pa maondo, n'kukumvetsera kuyambira pamwamba mpaka pa kamlatho. Kumawawabe, koma sikundinamiza.

Galimoto ikaima ndimapita kukaona mano a matayala. Akufupika, makamaka akutsogolo. Bambo uja ananena zoona kuti tala amawadya. Akadzatha, mwana wanga adzagula apakati aja, ndipo sindidzatsutsa, chifukwa mbali yanga anandipatsa kale.

Masiku ena amabwera atatopa, kapena ali ndi maganizo ake, n'kuiwala kuliza hutala. Masiku amenewo amapeza madzi atafunda m'ndowa ya buluu. Safunsanso kuti ndi a ndani. Amangotenga sopo n'kukasamba.