Keke ya a Ejvind

Ku ofesi kwathu ku Aalborg, ukalakwitsa ntchito umabwera ndi keke. Kwa zaka zisanu ndi zinayi, wobwera nayo pafupifupi Lachisanu lililonse anali a Ejvind Thorsager, bambo wa imvi, wodwala shuga, woti kekeyo sankailawa n'komwe.

Tinkapanga webusayiti yogulirapo matikiti a sitima zapamadzi. Zonse zimene tinkalemba zinkadutsa m'pulogalamu ina imene tinkaitcha chigayo. Chinkagaya, n'kugwira zolakwika zisanafike kwa anthu. Koma kalendala yosankhirapo tsiku la ulendo inali yobwereka, yolembedwa ndi anthu osawadziwa pa intaneti, ndipo chigayo sichinkaona za m'kati mwake. Ntchito ya a Ejvind inali kulumikiza ziwirizi pamanja. Eni kalendala akangosintha kanthu, masiku onse balala! Kompyuta n'kuonetsa dzina la amene anagwirapo komaliza. Ndani winanso?

"Madala, sabata ino ikhale ya sitiroberi," ankatero Troels, mnzathu wapakamwa. "Tsiku limene mudzadziwe ntchito, tidzafa ndi njala."

Ife kuseka mpaka misozi. Ine ndinkaseka kuposa onse, poti amene analowetsa kalendalayo ndine, ndili watsopano, pofuna kusangalatsa abwana. Amene ankadziwa zimenezi anasiya ntchito kalekale.

Kenako kunabwera bwana watsopano, mayi Birgitte, n'kunena kuti mmodzi wa ife achotsedwa ntchito. A Ejvind anali atatsala ndi zaka ziwiri kuti apume pantchito. Mayiwo anandiitana pandekha.

"Asger, pano amalakwitsa kwambiri ndani?"

Ndinachita mantha, sindikana. "Ingoonani amene amabwera ndi keke," ndinatero.

Basi, nkhani inathera pomwepo.

Kwathu kuno wochoka amabweranso ndi keke. A Ejvind anaphika okha, yaikulu.

"Ndiye tizidya chiyani tsopano?" Troels anafunsa, m'kamwa muli tho.

Bambowo anatenga mpeni. Anadula chidutswa china, n'kudzandipatsira m'manja.

"Idya, mwanawe," anatero chapansipansi. "Dzina lako lili pamzere woyamba wa kalendala ija. Ndakhala ndikuliona m'mawa uliwonse. Ndinkati udzanena wekha."

Ndinadya. Iwo anatsuka mbale yawo, n'kuvala chijasi, n'kukakwera njinga.

Patatha milungu iwiri kalendala inabalalikanso, ndipo wogwirapo komaliza ndinali ine. Troels anatembenuza mpando wake, akumwetulira.

"Aise, ya sitiroberi."