Ine Mlonda wa Tulo ta Esinati

Uthenga unandipeza m'munda wa nandolo, dengu lili pamutu. Foni inalira pamfundo ya chitenje, ndimasule, ndimve: "Anganga, andiwonjezera mzere wachinayi paphewa. Ndine komandanti wa ndege!" Dengu pansi, nandolo mbwee! Sindinatole ayi. Ndinalulutira mpaka anjinga a mumsewu wa ku Milange anatsika kuti aone wamisala. Muoneni wamisalayo, ndine Firimina wa ku Mongue, amene munkati Maputo yamulowa m'mutu.

Esinati ndi mwana wa malemu mwana wanga wamkazi. Ndinamulera ine, wolipira sukulu anali malume ake Alifonso, mwana wanga woyamba. Mbuzi zake zinathera pamsika wa ku Muloza, imodzi imodzi, kuti mtsikana aphunzire. Zimenezo sindikana, ndipo sindidzakana.

Zaka zitatu zapitazo Esinati anaimba foni, mawu ali lefuu ngati wamalungo. "Anganga, lero ndauza akuluakulu a kuntchito kuti sindiyendetsa, maso akulemera. Aka n'kachiwiri mwezi uno. Akuti zikapitirira, mayeso a ukomandanti ndiiwale." Ndinati iwe, sukugona chifukwa chiyani? Asanayankhe, makutu anandiyankha okha: wailesi, khanda, amuna akuseka pabawo. "Alendo akumudzi, anganga. Alipo asanu ndi awiri. Ndingawathamangitse bwanji?"

Iye sangathe, ine ndingathe. Munda ndinasiyira mlamu wanga Rozina, nkhuku ndinagawa, ndinakwera njinga yamoto mpaka ku Milange, minibasi ya shapa mpaka Mokuba, ina mpaka Kelimane, kenako ndege ya ku Maputo. Ee, ndege, ine, ndi nsapato za pulasitiki!

Ndinakapeza mdzukulu wanga atatha. Ntchito yakeyo inu mumaona malaya oyera ndi chipewa. Ine ndinaona munthu wochoka Lolemba kusanache, kubwera Lachinayi masana, atatera m'mizinda yoti kuwerenga ndinasiya, atagona pamabedi achilendo, mapazi atatupa, milomo itauma, maso psuu. Akafika, m'nyumba muli anthu: uyu akufuna amuperekeze kuchipatala, uyu akufuna ntchito, uyu wangobwera kudzaona nyanja. Ndipo kwathu kugona masana alendo ali pakhomo ndi mwano. Ndiye ankakhala nawo, mutu ukugwa, akumwetulira.

Sabata imodzi nyumba ndinaisesa. Odwala ndinawasiya mpaka atachira, enawo ndinawaonetsa kokwerera basi. Pazenera la kuchipinda ndinakhoma chitenje chakuda. Akabwera, madzi akumwa, madzi ofunda m'beseni a mapazi, phala, kenako foni yake ndimamanga pamfundo yanga. Khofi masana ayi. Akadzuka, tiye tikayende padzuwa thupi lidziwe nthawi. Ine mphasa pakhomo, msana kuchitseko, phee.

Phee ameneyo ndiye anandidya. Ine wotsogolera nyimbo kutchalitchi cha ku Mongue, zaka ziwiri kuimbira m'mimba! Nyumba ili m'mwamba, yachisanu ndi chiwiri kuchokera pansi, dothi osaliponda. Oyandikana nawo chilankhulo chawo china, ine Chipwitikizi changa ndi moni wa bondiya basi. Esinati akapita ulendo ndinkalankhula ndi mapoto. Ndinalira, inde ndinalira, koma pakhomo sindinachoke.

Tsiku lina Esinati wangogona kumene, mawa lake ayenera kuulukanso, ndinamva gogogo. Ndisuzumire, Alifonso, ndi anthu awiri ofuna ntchito.

"Amayi, tsegulani, ndine."

"Ndakuona. Tsitsa mawu, ukhale pamasitepepo. Adzuka dzuwa likapendeka."

"Ine malume ake, mwini mbumba, ndikhale pamasitepe ngati wogulitsa makala?"

"Wamakala amadziwa kudikira."

"Mbuzi zanga ndi zimene zinamukweza m'mwambamo!"

"Mbuzi zako zinamukweza, mwananga, koma womutsitsa bwino ndi tulo. Kumbuyo kwake m'ndegemo kumakhala ana a eni ake. Ukufuna atsike nawo bwanji?"

Ndinamutulutsira madzi ndi mpando. Madzi sanamwe, mpando sanakhale. Anatsika masitepe onsewo, nakagona kwa munthu wina wa ku Milange, n'kubwerera kumudzi. Esinati atadzuka analira, nati anganga mwandidanitsa ndi amalume. Ndinati udane nawo uli moyo.

Kuyambira pamenepo foni yanga inafa. Kale Rozina ankandiuza za mvula, za maliro, za amene wathawa ndi mwamuna wa yani. Tsopano zii. Ngakhale maliro a mnzanga wa ubwana ndinawamva atayika kale.

Ntchito yanga inatha m'mawa wina. Ndinamva Esinati pafoni akuuza msuweni wake, mawu osanjenjemera: "Bwerani Loweruka, achimwene. Lero ndikugona." Ndinati basi, chitseko chapeza mwini wake. Mawondo nawo anali atakana masitepe. Ndinabwerera.

Ku Mongue anandilandira ndi m'mphepete mwa diso. Amayi a kumpingo akabwera pakhomo, "Odi, a Maputo! Tilowe, kapena tikhale pamasitepe?" Ine, "Kuno masitepe kulibe, khalani padothi, n'lanu lomwe." Alifonso ankandipatsa moni ngati wa pamsika. Ankadikira kuti ndipepese. Ndipepese chiyani? Chaka chathunthu ndinalima nandolo wanga, mutu uli m'mwamba.

Ndiye uthenga uja utafika, patapita masiku anayi Esinati anabwera yekha, wochokera kuntchito, tsiku lonse pagalimoto kuchokera ku Kelimane ndi usiku wake pamsewu. Anafika dzuwa lili pamutu. Anangoti "Anganga", n'kugwera pabedi langa, nsapato zili kumapazi. Kunja anthu ayamba kale kusonkhana, ng'oma ziwiri, amayi atamanga zitenje m'chiuno. Ndinayala mphasa pakhomo, ndinati nkhondo ija yanditsata kwathu, ibwere.

Amene anabwera anali Alifonso. Anaima pamaso panga, ine osasuntha. Anakankha chitseko pang'ono, nasuzumira pamwamba pa mutu wanga, nayang'ana nthawi yaitali.

"Mapaziwo amatupa choncho nthawi zonse?"

"Ulendo uliwonse."

"Ngati anga ndikachoka ku Molumbo ndi matumba awiri panjinga." Anakanda m'mutu. "Muvuleni nsapatozo, amayi."

Anatembenuka, nalanda ng'oma yaikulu, naigoneka pansi, n'kuikhalira. "Woyamba kuimba alimbana ndi ine. Komandanti akugona." Pepani sananene, inenso sindinanene. Anthu akwathu kutopa amakudziwa, ndi chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku. Koma kutopa kwa munthu wa malaya oyera sakukhulupirira mpaka aone mapazi.

Anadikira, ee, anadikira, mudzi wonse kunong'ona pansi pa mango ngati pali wakhanda. Dzuwa litapendeka chitseko chinati kwee, Esinati n'kutuluka, maso oyera, akuyasamula. Alifonso anadzuka pang'omapo, nati, "Amayi, yambitsani." Ndinayambitsa!

Analipo Alifonso ndi mkazi wake Madalena. Analipo Rozina ndi nkhuku yoyera m'khwapa. A Juliyasi a golosale, obadwira kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, anatseka sitolo. A katekisita a Domingo, a Terezinya azamba, Selina ndi Alibetina amapasa, a Mateyu okonza njinga, manja ali bii ndi girizi. A Losita a ku Molumbo, oyenda pansi kuyambira dzulo lake. Anali pomwepo Zakariya ndi Bentu, awiri aja a pamasitepe. Ndipo pakati pa bwalo, fumbi koboo, Esinati ndi ine Firimina.